PTC, Kandodo ndi masitolo ena omwe anatsala dzina la siteji basi

Mukakwera minibasi ya Highway ku Blantyre, kuchoka m'tauni kupita ku Limbe, kondakitala amafunsabe kuti otsika pa Kandodo alipo, ndipo anthu amayankhadi n'kutsika cha ku Ginnery Corner uko ngati kuti pali Kandodo yoti alowemo. Ambiri mwa otsikawo ndi ana obadwa cha m'ma 2000 omwe sanaonepo ndi khomo lomwe la sitolo imeneyi. M'maboma ambiri ndi chimodzimodzi, munthu akamakulozera njira amati mukafika pa PTC mukhotere kumanzere, iwe n'kufika pamalopo n'kupeza kuti mukugulitsidwa matayala a njinga zamoto, kapena muli tchalitchi, kapena ndi chinyumba chotseka chomwe pakhonde pake pakhala anyamata a Airtel Money ndi maambulera awo.

Nkhani ya kugwa kwa masitolo a PTC, People's Trading Centre, ikayamba pa WhatsApp gulupu ya anthu a msinkhu wathu, mayankho amakhala omwewomwewo. Wina amati inaphedwa ndi Shoprite. Wina amati mabwana anaba. Wina amangoti ndi demokalase imeneyo, zonse za Kamuzu tinaononga tokha. Onsewa ali ndi kachoonadi kawo, sindikukana, koma ine ndimaona kuti matenda a PTC anayambira pa kubadwa pake penipeni. Sitolo imeneyi inakula nthawi yomwe boma linali litayamba laichotsera opikisana nayo panjira, ndiye tsiku lomwe chitetezo chimenecho chinatha inadzipeza ili pakatikati, kumwamba kuli akuluakulu ochokera kunja, pansi kuli okala ndi mavenda, ndipo onsewa amaidya mbali zonse kwa zaka pafupifupi 30 mpaka inagwa. Kunena zoona chodabwitsa n'chakuti inapirira nthawi yaitali choncho.

PTC isanabwere malonda a m'sitolo kuno anali m'manja mwa magulu awiri. Kunali makampani a azungu, woyamba ndi African Lakes yomwe inayamba mu 1878 motsogoleredwa ndi pachibale awiri aja John ndi Frederick Moir, yomwe aliyense ankangoitchula kuti Mandala, ndipo nyumba yawo ya 1882 ikadalipo ku Blantyre mpaka lero. Kenako kunali Kandodo, masitolo a London and Blantyre Supply Company omwe anali pansi pa kampani ya Booker ya ku Britain. Gulu lachiwiri linali amwenye, ndipo awa ndi omwe anafika mpaka kumudzi kwenikweni, pa trading centre iliyonse panali mzere wa masitolo a khonde lalitali, telala ali pakhonde ndi makina ake a Singer, mkati nsalu, mchere, palafini, makasu, singano, mapoto, zonse m'chipinda chimodzi. Agogo athu nsalu ya ukwati ankadula kumeneko.

Ndiye mu 1970 boma la Kamuzu linalamula kuti amwenye achoke m'madera a kumidzi, malonda akumeneko atsale a Amalawi akuda, ndipo pofika 1978 anali atawasonkhanitsa m'mizinda ikuluikulu ngati Blantyre, Limbe, Zomba ndi Lilongwe. Pa pepala zinkamveka bwino kwambiri. Koma anthu ambiri omwe anatenga masitolo aja analibe mpamba, analibe galimoto yokatengera katundu, analibe wachibale ku Limbe woti awapatse katundu pa ngongole ngati mmene mwenye ankachitira, ndiye ambiri anangotha chaka chimodzi kapena ziwiri sitolo n'kutseka. Mizere ya masitolo akugwa yomwe mumaiona mukamadutsa m'ma trading centre akale aja, ambiri ndi a nthawi imeneyo. Mpata umenewu ndi womwe Chipiku inalowamo kumbali yopikulitsa, ndipo PTC, People's Trading Centre, inabadwa mu 1973 pansi pa Press Holdings, kampani yomwe mwini wake anali Kamuzu yemweyo, Aleke Banda ndiye ankaiyendetsa m'zaka zoyambazo.

Apa ndi pomwe anthu amaiwala. Press sinali kampani wamba yoti ikapikisane ndi anzake pa msika. Inali ndi minda ya fodya, inali ndi mabekale, inali ndi Hardware and General Dealers, inali ndi masheya akuluakulu m'mabanki onse awiri, National Bank ndi Commercial Bank, ndipo olemba mbiri ambiri amati pa nthawi ina inkagwira pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu a chuma cha dziko lino. Sitolo yomwe mwini wake ndi Pulezidenti wamuyaya, banki yobwereketsa ndalama ili ndi dzanja la mwini yemweyo, opanga katundu akudziwa kuti kuimana katundu ndi kuputa mavuto, mitengo ya zinthu zambiri ikuikidwa ndi boma, katundu wochokera kunja akulowa ndi chilolezo chomwe si aliyense angachipeze, tandiuzani sitolo yotero ingalephere bwanji? Olo mutaika munthu wogona pampando wa manejala imayendabe.

Koma tisanamizane, inali yabwino. Ine ndinakulira pa boma pena pomwe nyumba yowala kuposa zonse inali PTC, kuposa ndi ofesi ya DC yomwe. Kumapeto kwa mwezi aphunzitsi, anamwino, apolisi ndi a zaulimi akalandira, mzere wa pa tilo umafika kumashelefu a sopo. Mayi ankatitenga mosinthana, mwezi uno uyu mwezi wamawa uyo, ndipo wopita ankasamba ngati akupita ku tchalitchi, mafuta mpaka m'makutu. Ukangolowa chomwe chimayamba kukulandira ndi fungo, buledi wotentha kusakanikirana ndi Lifebuoy ndi polishi wa pansi, kenako kuzizira kwa mafiriji komwe ife ana tinkakaima dala pafupi kuti kutiombe. Katundu aliyense anali ndi kapepala ka mtengo komata pamwamba, wa pa tilo amachita kudina manambala limodzi limodzi, makina n'kulira, diloo n'kutseguka yokha, chenje mpaka 1 tambala kukupatsa m'manja pamodzi ndi lisiti. Mndandanda wa mayi sunkasintha, shuga, Chombe, Stork, Covo, Surf, Sunlight wa mtanda, machesi, Cobra, ndipo ngati mwezi wayenda bwino botolo la Sobo lomwe limakabisidwa kuchipinda kudikira alendo. Pa Khirisimasi pokha ndi pomwe mpunga, jamu ndi mabisiketi a Universal zimalowa m'basiketi. Lisiti lija bambo ankaliwerenga madzulo mzere ndi mzere ngati kalata yochokera ku Joni.

Mukaonetsetsa mndandanda umenewo muona kuti pafupifupi zonse zinali zopangidwa konkuno. Sopo, majarini ndi mafuta ophikira zinkachokera ku Lever Brothers ku Limbe, shuga ku Nchalo ndi ku Dwangwa, zakumwa ku Southern Bottlers, ufa ku Grain and Milling, nyama ku Cold Storage, nsalu kwa David Whitehead. PTC inali ngati kumapeto kwa msewu womwe mafakitale onsewa ankatulutsirako katundu wawo, lole imanyamuka ku Blantyre n'kukatsitsa ku Chitipa kapena ku Nsanje ndipo mtengo sumasiyana kwenikweni. Chinanso chomwe sitikonda kunena tikamakumbuka zakale n'chakuti ambiri mwa Amalawi sankagulamo. Munthu wakumudzi ankalowa mwina kamodzi pa chaka akagulitsa fodya kapena thonje ku ADMARC, ena ankaopa ndi kulowa komwe poona simenti yopukutidwa ndi mlonda pakhomo. Inali sitolo ya anthu a pa payroll. Dzina lokha ndiye linali la anthu onse.

Ndipo anthu ankadziwa bwino kuti ndi ya ndani. Mu May 1992, sitalaka yomwe inayambira kwa David Whitehead itafalikira mu Blantyre ndi Limbe n'kusanduka zipolowe, masitolo a PTC ndi ena mwa omwe anaswedwa ndi kuberedwa, ndipo anthu ambiri anaphedwa ndi apolisi masiku amenewo. Kuswa PTC nthawi imeneyo kunali kutukwana Kamuzu mosatchula dzina. Patapita zaka 19, pa 20 July 2011, anthu atakwiyira Bingu pa nkhani za mafuta a galimoto ndi forex, masitolo a PTC anaswedwanso, pomwe nthawi imeneyo Press inali kale pa Malawi Stock Exchange kuyambira 1998 ndipo ena mwa eni ake anali ma pension fund a anthu wamba omwewo. Koma kaya, munthu wonyamula thumba la shuga pamutu akuthawa utsi okhetsa misozi safunsa za masheya.

1994 ndi chaka chomwe nthaka inasuntha. Mu February kwacha inasiyidwa kuti izidziyendera yokha pa msika ndipo inagwa koopsa chaka chomwecho, mu May Bakili Muluzi anapambana, malamulo a mitengo ndi zilolezo zoitanitsira katundu anali atayamba kale kumasuka, ndipo uthenga unali woti aliyense ayambe geni. Anthu anayambadi. Misewu ya Limbe, Victoria Avenue, Malangalanga ku Lilongwe, monse munadzaza mabenchi, ena anayala katundu pakhonde la PTC penipeni, sopo yemweyo, mabatire omwewo, mtengo wotsika. Amayi anayamba kukwera mabasi a ku Joni, ku Harare, ku Dar es Salaam kukaoda ku Kariakoo n'kudzalowera pa Songwe, zikwama za mizeremizere zija zitadzaza, kenako kunabwera njira ya Dubai ndi China. Kaunjika anapha mbali ya zovala. Bingu anadzawachotsa mavenda m'misewu mu 2006 n'kuwalowetsa m'ma flea market koma apo n'kuti anthu atazolowera kale kuti chinthu chimagulidwa ponenerera. PTC apa inali ngati nkhuku ya chizungu yokulira m'khola, yozolowera chakudya cha m'thumba ndi nyali usiku, yomwe mwaitsegulira chitseko kuti izikapalasa limodzi ndi nkhuku zachikuda.

Mdani wamkulu wa sitolo yayikulu kuno ndi okala, ndipo ine pamenepa sindisintha maganizo. Taimani pa okala ya m'dera mwanu m'mawa cha m'ma 6 muone. Mwana wabwera ndi ndalama yokwana tiyi wa tsiku limenelo basi, akufuna kashuga komanga m'pulasitiki, kamkaka ka ufa ka sipuni ziwiri, mabanzi atatu. Mayi wina akufuna mafuta ophikira oyeza, aja omanga m'kachubu kotalika ngati chala, ndi kachidutswa ka sopo kodula ndi mpeni pa mtanda. Wina akufuna dzira limodzi. Wina alibe ndi ndalama yomwe, akungoti mulembe, ndipo mwini okala akutulutsa kope la sukulu lakuda ndi mafuta lomwe muli maina a pafupifupi nyumba zonse za mu laini imeneyo, kudikira pa 27 kapena tsiku lomwe bambo a kunyumbako apeze ganyu. Mukawerengetsa bwinobwino, shuga wa timapaketi timeneti ndi wodula kuposa wa paketi ya 1 kg ya mu supamaketi, osauka amagula modula nthawi zonse, koma munthu amene amapeza ndalama ya tsiku ndi tsiku amagulanso za tsiku ndi tsiku. Sitolo ya tilo ndi lisiti singakudulire sopo, singakulembe m'kope, singatsegule 5 koloko m'mawa n'kutseka 10 usiku, ndipo ilibe mwana woti adzuke kudzakugulitsa kandulo pawindo magetsi akazima.

Onjezerani apo kuti okala salipira mlonda wa kampani, salipira penshoni, alibe ma auditor, alibe jenereta. PTC inkadula VAT ya 16.5 peresenti pa chilichonse choyenera msonkho ndipo MRA inkadziwa khomo lake, makamaka makina a EFD odula malisiti a msonkho atabwera mu 2014, pomwe mnzake wa tsidya lina la msewu akugulitsa mafuta ophikira olowa usiku kuchokera ku Mozambique opanda ndi pepala lomwe. Ndiye kasitomala amalowa mu PTC kukaona mtengo, n'kutuluka kukagula panja. Tonse tinachitapo zimenezi, tisamachite ngati inaphedwa ndi anthu ena.

Kumwamba nako kunabwera Shoprite, yomwe inatsegula pa Chichiri mu 2001. Amene munalipo mukukumbuka, anthu ankapita kukangoyenda, kukankha trolley yopanda kanthu, kujambulitsa panja, zibwenzi zinkapangana pa Shoprite. Maapulo ndi mphesa za ku Cape, tchizi mitundumitundu, nyama yoikidwa bwino m'timbale, malo oimika galimoto aakulu. Anthu a pa payroll aja, omwe anali msana wa PTC, makamaka a malipiro onona, anasamukira kumeneko, kenako Game inabwera, kenako Gateway Mall ku Lilongwe mu 2014. Anzathu a ku Zambia zinawachitikira msanga, Shoprite inalowa mu 1995 pogula nyumba za masitolo a boma omwe anali atagwa, yoyamba pa Cairo Road ku Lusaka, ndiye maina a masitolo a boma ngati ZCBC ndi Mwaiseni anatsala m'nkhani za akuluakulu. Ndipo kwawo komweko ku South Africa, Shoprite inagula OK Bazaars mu 1997 pa mtengo wa R1, randi imodzi, sitolo yomwe agogo athu a ku migodi ankaitchula ndi ulemu. Randi imodzi chifukwa wogula amatenga ndi mavuto omwe.

Tsono mmene sitolo yayikulu imafera ndi nkhani yomwe ambiri sitimaimvetsa, timaganiza kuti tsiku lina bwana amangobwera ndi loko. Ayi. Supamaketi imayenda ndi ndalama za eni katundu. Wopanga sopo, wa mkaka, wa nkhuku, amabweretsa katundu lero n'kulandira ndalama pakatha masiku 30 kapena kuposerapo, pomwe sitoloyo yagulitsa kale katunduyo kashi pa tilo. Zinthu zikamayenda bwino imeneyi ndi ngongole yaulere yopanda chiongoladzanja. Koma malonda akangotsika pang'ono, ndalama ya wa sopo ija imalipira lendi, ya wa mkaka imalipira malipiro a antchito, masiku 30 amasanduka 60, kenako 90, ndiye wamkulu ngati wa shuga kapena wa zakumwa amangonena kuti kuyambira lero kashi kaye katundu pambuyo. Shelefu ya shuga ikakhala yopanda kanthu kasitomala amapita kwina, ndipo kumene wapitako amagulanso sopo ndi mchere womwe, mawa sabweranso. Malonda amatsikanso, ngongole imakulanso. Mukadzaona sitolo yayala mabotolo a madzi kapena toilet paper mzere umodzi shelefu yonse kuti pasaoneke mpata, dziwani kuti maliro ali pafupi.

Ovutika kwambiri amakhala ang'onoang'ono. Azakhali anga ena ankaweta nkhuku za mazira ndipo anasangalala koopsa atapeza oda yoperekera mazira ku sitolo ina yayikulu m'tauni, anachita kutiimbira foni tonse, anatenga ngongole kuonjezera khola. Miyezi yoyamba cheke chinkatuluka bwinobwino. Kenako zinayamba zija za bwerani Lachisanu, osayina sanabwere, system ili down, invoice yanu yasowa bweretsani ina, iwo akukwera minibasi ulendo ndi ulendo ndi faelo yawo ya pulasitiki m'khwapa, kwinaku nkhuku zikufuna layers mash tsiku lililonse ndipo wogulitsa chakudyacho salandira nkhani. Kusiya kupereka ankaopa kuti ndalama zakale zija zipita, kupitiriza ndiye dzenje likukula. Mapeto ake anagulitsa nkhuku zonse n'kubwerera ku geni yawo ya zitenje, ndipo mpaka lero mukawauza za kupereka katundu ku supamaketi amangoseka n'kukufunsani ngati mwadya.

Zaka zomaliza za PTC zinayenda mwa njira imeneyi, ndipo zinkalembedwa m'nyuzi chaka ndi chaka. Kwa nthawi yaitali theka la kampaniyi linali la Metcash ya ku South Africa, n'chifukwa chake tinali ndi maina a Metro Cash and Carry pambali pa Kwiksave, Superette ndi McConnell, kenako a Metcash anachoka Press n'kutsala yokha. Mu May 2012 boma la Joyce Banda linagwetsa kwacha kuchoka pa K168 kufika pa K250 pa dola imodzi, chiongoladzanja cha m'mabanki chinakwera kupitirira 30 peresenti, ndipo sitolo yoyendera ovadirafuti pa chiongoladzanja chotero ndiye kuti ikugwirira ntchito banki. Kugwa kwa kwacha kuli ndi nkhanza ina kwa wa sitolo, umagulitsa katundu pa mtengo wakale ukuona ngati wapindula, ukapita kukaoda n'kupeza kuti ndalama yonse ija ikungokwana theka la katundu yemwe unali naye. Mwenye kapena m'Burundi wa shopu imodzi amasintha mitengo masana omwewo, pomwe kampani ya masitolo ambirimbiri imadikira memo yochokera ku head office. Kuzimazima kwa magetsi kwa 2016 ndi 2017 kunabwera pamwamba, mafiriji akuyendera dizilo.

Anayesa ndithu. Anasintha dzina kukhala Peoples, anapenta, anatenga chilolezo cha SPAR n'kutsegula masitolo okongola m'mizinda, anatseka a m'maboma omwe sankapindula, nyumba zina zinapita kwa eni ena. Koma kutseka masitolo a m'maboma kunali kutaya chinthu chokhacho chomwe PTC inali nacho chomwe ena analibe, n'kupita kukalimbana ndi Shoprite pabwalo la Shoprite. Ine pamenepa ndimaona kuti ndi pomwe analakwitsa kwambiri, ngakhale wa accounts angandiuze kuti lole yopita ku Chitipa ndi makatoni ochepa siibweza ndi dizilo yemwe, ndipo mwina akunena zoona. Kumayambiriro kwa 2022 Press Corporation inagulitsa PTC kwa Tafika Holdings, mu May kwacha inagwanso ndi 25 peresenti, ndipo chaka chisanathe nkhani inali ku khoti la zamalonda, kampani n'kuikidwa m'manja mwa liquidator woti agulitse katundu wake kubweza ngongole. Inatsala chaka chimodzi kuti ikwanitse zaka 50. Chaka chomwechonso ndi chomwe ADMARC inatumiza antchito ake onse kunyumba, ndiye kwa munthu wokulira pa boma zinali ngati akufufuta mapu a ubwana wake.

Si ife tokha. Ku Kenya Nakumatt inali ndi masitolo opitirira 60 mpaka ku Uganda, Tanzania ndi Rwanda, njovu yake ija itaima pakhomo, ndipo inagwa ndi matenda omwewa a kudya ndalama za eni katundu mpaka mu January 2020 omwe inali nawo ngongole anavota kuti ithetsedwe. Uchumi ndi Tuskys, masitolo ena a ku Kenya komweko, zinadwala nthenda yomweyo. Kusiyana kwake n'kwakuti Nakumatt inafa chifukwa chothamanga kwambiri, PTC inafa pang'onopang'ono ikuchepa.

Kumbali ya malo odyera nkhani ndi yaifupi chifukwa kuno sitinakhalepo ndi tcheni yathuyathu yofika boma lililonse. Ma franchise a ku South Africa amabwera, timakhamukirako mwezi woyamba mzere mpaka panja, kenako timabwerera ku chiwaya. Nando's inalipo ku Blantyre ndi ku Lilongwe, inapita. Vuto ndi lomwe lija, franchise imafuna kuti sosi, mapaketi, makina, mwina ndi mbatata yomwe zikhale za muyezo wa kwawo, ndipo chindapusa cha dzina chimalipidwa mu ndalama yakunja, pomwe mnyamata wa tchipisi pa siteji akugula mbatata ya ku Ntcheu kapena ku Dedza, nkhuni, mafuta, kabichi ndi tsabola wa kambuzi, ndipo amakuonjezera ka pulayizi ukamudandaulira. Nkhuku ya franchise kuno ndi ya pa birthday ndi tsiku lolandira.

Chomwe chimandiseketsa mowawa ndi chakuti uja tinkati wapha PTC nayenso wanyamuka. Shoprite inachoka ku Kenya, Nigeria, Uganda, Madagascar ndi DRC, ndipo mu 2025 inalengeza kuti ikugulitsa masitolo ake asanu a ku Malawi komanso a ku Ghana. Chifukwa chake sichobisika. Ukagulitsa maapulo mu kwacha uyenera kupeza ma randi okagulira maapulo ena ndi otumiza phindu kwa eni ake ku Cape Town, ndipo ma randiwo ku banki kulibe, ukadikira pamzere kwacha ija ikusungunuka m'manja, mu November 2023 yokha inagwa ndi 44 peresenti tsiku limodzi. Ndiye ngati kampani yayikulu kuposa onse mu Africa pa malonda a zakudya yaona kuti masamu sakutheka, mwina tiwachepetsereko mlandu mabwana a PTC aja, pang'ono pokha, osati wonse.

Omwe atsala pabwalo ndi a mtundu wina, Sana, Chipiku Plus, Ekhaya ndi masitolo a mabanja omwe mwini wake amakhala pompo, amagula kashi, amadziwa yekha kumene apeze dola, ndipo akaona kuti chinthu sichikuyenda mawa sachiodanso. Akuchita bwino ndipo ena akufika m'maboma momwe PTC inathawa. Koma kumudzi kwenikweni ndi m'makwalala a Ndirande, Mtandire, Chinsapo kapena Zolozolo, wolamulira ndi okala ndi kope lake lija.

Ine chomwe ndimadandaula si nyumba kapena dzina. PTC inali sukulu, anthu ambiri omwe lero akuyendetsa masitolo a eni ena anaphunzirira kumeneko kuwerenga stock, kuyala shelefu, kudula nyama, kuphika buledi, ndipo inali ntchito yoti mwana wa Form 4 amalowa ngati wolongedza katundu n'kudzapuma ali manejala wa nthambi ndi penshoni yake. Ntchito za m'masitolo ambiri a lero ndi zoimirira kuyambira m'mawa mpaka usiku, kusechedwa potuluka, kontrakiti ya pakamwa. Komanso wopanga katundu wamng'ono, wa uchi, wa chiponde, wa tsabola wa m'botolo, kale akagwirizana ndi ofesi imodzi ku Blantyre katundu wake amafika dziko lonse. Lero ayenera kuyenda yekha sitolo ndi sitolo, boma ndi boma, katoni pamutu, kukambirana mtengo ndi mwini aliyense payekha, ndipo aliyense mwa iwo akumuuza kuti siyani kaye tione ngati ziyende, ndalama mudzatenge zikatha.